PHULA LA KU ATHABASCA: NTCHITO SITHERA PA KUKUMBA

Pa 30 Seputembala chaka cha 1967, m'nkhalango yozizira ya kumpoto kwa chigawo cha Alberta m'dziko la Canada, munasonkhana anthu mazanamazana kudzaonerera kutsegulidwa kwa fakitale ya mtundu umene unali usanaonekepo pa dziko lapansi. Fakitaleyo inali ya kampani ya Great Canadian Oil Sands, ndipo inamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Athabasca, kumpoto kwa tauni ya Fort McMurray. Ntchito yake inali kukumba mchenga wakuda wonata, kuchotsamo phula limene lili m'kati mwake, ndi kusandutsa phulalo mafuta opepuka otha kuyenda m'mipope. Pamwambowo panali Nduna Yaikulu ya chigawocho, Bambo Ernest Manning, pamodzi ndi Bambo J. Howard Pew, mkulu wa kampani ya Sun Oil ya ku America, imene inaika pa ntchitoyo ndalama pafupifupi madola 240 miliyoni.

Koma munthu amene nzeru zake zinabala fakitaleyo sanalipo pa tsikulo. Dr. Karl Clark, katswiri amene anatumikira Boma la Alberta kuyambira zaka za m'ma 1920 pofunafuna njira yolekanitsira phula ndi mchenga, anali atamwalira mu Disembala 1966, patangotsala miyezi 9 kuti aone chipatso cha thukuta lake.

Masiku ano mchenga wa ku Alberta umatulutsa migolo ya phula yoposa 3 miliyoni tsiku ndi tsiku, ndipo Canada ali m'gulu la maiko asanu amene amatulutsa mafuta ambiri koposa. Mbiri ya ntchito imeneyi ili ndi phunziro limodzi lalikulu. Anthu amati chuma chili m'nthaka, ndipo mawuwo ndi oona; komatu chuma chimene chili m'nthaka sichisanduka chuma cha anthu pa tsiku limene chapezeka, ngakhale pa tsiku limene fosholo yoyamba yalowa pansi. Pamafunika Boma loleza mtima loyambitsa ntchito, ndiponso Boma lolimba mtima loimaliza: kuyenga chimene chakumbidwa, kusunga phindu lake, ndi kukonza malo amene aonongeka. Pa mbali yoyamba Boma la Alberta linachita zoyenera kutamandidwa. Pa mbali yachiwiri ntchito ikadalipo yambiri.

MCHENGA WONATA

Aliyense amene anaonapo anthu okonza msewu akutenthetsa phula m'migolo amadziwa khalidwe lake: likazizira limauma gwa, likatentha limasungunuka nkumayenda ngati uchi. Phula la ku Athabasca ndi lotero, koma ilo silinapangidwe m'fakitale. Akatswiri a miyala amafotokoza kuti kalekale linali mafuta opepuka amene anayenda pansi pa nthaka mpaka kulowa mumchenga wa pafupi ndi pamwamba, ndipo kumeneko tizilombo tosaoneka ndi maso tinadya gawo lake lopepuka kwa zaka mamiliyoni ambiri, tikusiya lolemera lokhalokha. Pa makilogalamu 100 alionse a mchengawo, pafupifupi 10 ndiwo phula. Otsalawo ndi mchenga, dongo ndi madzi.

Mchenga wotere uli m'madera atatu, ndiwo Athabasca, Cold Lake ndi Peace River, ndipo onse pamodzi ndi aakulu makilomita pafupifupi 142,000 mbali zonse, ndiye kuti kuposa dziko la Malawi ndi nyanja yake yomwe. Mafuta amene angatulukemo ndi nzeru zimene zilipo amawerengedwa kukhala migolo pafupifupi 160 biliyoni, mgolo umodzi kukhala malita 159.

Eni dziko a mitundu ya Cree ndi Dene ankalidziwa phulali kuyambira makolo awo, pakuti linkatuluka lokha m'magombe a mtsinje nthawi yotentha, ndipo iwo ankamatira nalo mabwato awo kuti asalowe madzi. M'chaka cha 1719 munthu wina wa mtundu wa Cree, dzina lake Wa-pa-su, anatenga chibulumwa cha phulalo napita nacho kwa Henry Kelsey wa kampani ya Hudson's Bay ku York Factory. Kuchokera tsiku limenelo kufikira tsiku lotsegula fakitale yoyamba panadutsa zaka 248. Chuma chinali poyera, aliyense akuchiona, koma panalibe wodziwa kuchitola.

ZAKA ZA KUGWA NDI KUDZUKA

Ntchito yeniyeni inayamba ndi antchito a Boma. M'chaka cha 1913 Boma la Canada linatuma Bambo Sidney Ells kukayeza derali, ndipo mu 1915 mchenga umene iye anakokera kumwera movutikira unayalidwa pamsewu wina wa mumzinda wa Edmonton. Mu 1921 Boma la Alberta linakhazikitsa bungwe lake lofufuza za sayansi, ndipo m'bungwe limenelo ndi mmene Dr. Clark anagwirira ntchito yake. Mwayi wa mchenga wa ku Athabasca ndi wakuti kamchenga kalikonse kazunguliridwa ndi madzi opyapyala, phula nkukhala kunja kwa madziwo, osamatirira pamchenga penipeni. Chotero mchengawo ukatakasidwa m'madzi otentha othiramo soda pang'ono, mpweya nkulowamo, phula limayandama pamwamba ngati thovu pamene mchenga ukumira pansi. Njira imeneyi inalembetsedwa mwalamulo mu 1929, ndipo ndiyo maziko a migodi yonse ya kumeneko kufikira lero. Chaka chotsatira, mu 1930, Boma la Canada linapereka m'manja mwa chigawocho ulamuliro wa chuma chake cha pansi pa nthaka, kotero kuti mwini wa gawo lalikulu la phulali ndi anthu a ku Alberta kudzera m'Boma lawo.

Amalonda amene anayesa okha anagwa mmodzimmodzi. Bambo Robert Fitzsimmons anamanga kafakitale pamalo otchedwa Bitumount, koma ngongole zinamugonjetsa. Fakitale ya kampani ya Abasand inapsa ndi moto mu 1941, inamangidwanso, nkupsanso mu 1945. Mu 1947 pa Leduc, kufupi ndi Edmonton, panapezeka mafuta opepuka otuluka okha m'zitsime, ndipo ambiri anati palibenso chifukwa chovutikira ndi mchenga. Pamenepo Boma la Alberta silinabwerere m'mbuyo. Mu 1948 linatenga fakitale ya pa Bitumount, mu 1949 linaonetsa kuti njira ya Dr. Clark ingagwire ntchito pa mlingo waukulu, ndipo mu 1950 lipoti la Bambo Sidney Blair linatsimikiza kuti ntchitoyo ingabweze ndalama.

Panalinso ena ofuna njira yachidule. Mu 1958 katswiri wa miyala wa kampani ya Richfield Oil, Bambo Manley Natland, anapereka ganizo lakuti bomba la atomiki liphulitsidwe pansi pa mchengawo kuti kutentha kwake kusungunule phula. Ganizolo linafika patali m'maofesi, koma Boma la Canada, limene nthawi imeneyo linali kutsutsa kuyesa zida za atomiki, silinalole, ndipo pofika 1962 nkhaniyo inali itatha. Anthu a m'mbali mwa mtsinje wa Athabasca ali ndi chifukwa choyamikira kukana kumeneko.

Ngakhale fakitale ya mu 1967 sinabale phindu msanga. Inakonzedwa kuti izitulutsa migolo 45,000 patsiku, koma chisanu cha kumeneko, chimene chimaumitsa mchenga kukhala ngati mwala, chinkathyola mano a makina okumbira, ndipo kwa zaka zingapo kampaniyo inkangotaya ndalama. Fakitale yachiwiri, ya Syncrude, inatsala pang'ono kufera m'mazira pamene kampani ya Atlantic Richfield inatulukamo kumapeto kwa 1974. Mu Febuluwale 1975, pamsonkhano wa ku Winnipeg, maboma atatu anagwirizana zoipulumutsa: Boma la Canada linatenga magawo 15 pa 100, la Alberta magawo 10, ndipo la Ontario magawo 5. Fakitaleyo inatsegulidwa mu 1978. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo amene anadekha pa nkhaniyi anali maboma, pogwiritsa ndalama za anthu okhoma msonkho. Ichi nchofunika kuchikumbukira nthawi iliyonse pamene eni makampani akulankhula ngati kuti chuma chimenechi anachipanga okha.

NJIRA ZIWIRI ZOTULUTSIRA PHULA

Pamene mchenga uli pafupi, osapitirira mamita 75 kupita pansi, nkhalango imagwetsedwa, madambo amaumitsidwa, dothi lapamwamba limachotsedwa, ndipo mchenga umakumbidwa pamtetete. Kale ankakumba ndi chigudumu chachikulu cha zidebe, koma m'zaka za m'ma 1990 makampani anasinthira ku mafosholo a makina ndi malole akuluakulu, ena mwa iwo onyamula matani oposa 350 ulendo umodzi. Pamafunika mchenga wolemera pafupifupi matani 2 kuti patuluke mgolo umodzi wa mafuta. Mchengawo umaphwanyidwa, kusakanizidwa ndi madzi ofunda, ndi kukankhidwa m'mipope kupita kumatanki kumene thovu la phula limayengulidwa.

Koma mchenga wofikirika motero ndi gawo limodzi lokha pa magawo asanu. Magawo anayi otsalawo ali pansi kwambiri, ndipo pa amenewa Boma linatsogoleranso. Mu 1974 Nduna Yaikulu Peter Lougheed anakhazikitsa bungwe la AOSTRA kuti lipeze njira yotulutsira phula lakuya. Bungwelo linatenga ganizo la Dr. Roger Butler nkuliyesa pamalo ake oyeserapo amene anatsegulidwa mu 1987. Njirayo ili motere: zitsime ziwiri zimaboolewa kupita pansi, kenaka zimakhota nkuyenda chogona, china pamwamba pa chinzake, motalikirana mamita 5. M'chitsime chapamwamba mumapopedwa nthunzi yotentha usana ndi usiku. Phula likasungunuka limatsikira m'chitsime chapansi, ndipo kuchokera mmenemo limapopedwa kupita kumtunda. Ntchito yoyamba yamalonda ya mtundu umenewu inayamba pa Foster Creek mu 2001, ndipo tsopano pafupifupi theka la phula lonse la ku Alberta limatuluka m'zitsime, osati m'migodi. Njirayi sigwetsa nkhalango yaikulu ngati mgodi, koma imatentha gasi wambiri pophika nthunzi, ndipo utsi wake umaonjezera kutentha kwa dziko.

PAMENE PALI PHINDU LENILENI

Phula likatuluka mumchenga silinakhale mafuta ogulitsika pa mtengo wabwino. Ndi lolemera kotero kuti siliyenda mumpope. Lili ndi kaboni wochuluka ndi haidirojeni wochepa. Ndipo pafupifupi magawo 5 pa 100 alionse ndi sulufule. Liyenera kuyengedwa kawiri. Monga chimanga chimayamba chakonoledwa chisanapite kuchigayo, chomwechonso phula limayamba lapepukitsidwa m'fakitale ina lisanapite kufakitale yopanga petulo, dizilo ndi palafini.

Kupepukitsa kumeneku kuli ndi njira ziwiri: kuchotsa kaboni kapena kuonjezera haidirojeni. Pa njira yoyamba, imene Suncor (dzina limene Great Canadian Oil Sands inatenga mu 1979) ndi Syncrude amadalira kwambiri, gawo lolemera la phula limatenthedwa kufika madigiri pafupifupi 500, mpaka litasweka. Nthunzi yake imaziziritsidwa nkukhala mafuta opepuka, ndipo pansi pamatsala makala olimba amene amaunjikidwa milumilu. Pa njira yachiwiri, imene fakitale ya Scotford kufupi ndi Edmonton inayamba nayo mu 2003, phula limakakamizidwa kusakanikirana ndi haidirojeni wochokera ku gasi wa pansi. M'njira zonse ziwiri haidirojeni ndi amene amakokanso sulufule, ndipo pa Syncrude sulufuleyo waunjikidwa m'zipilala zachikasu zotalika ngati nyumba zosanja. Chotuluka pamapeto ndi mafuta opepuka, oyera, amene fakitale iliyonse yoyengera ingalandire, ndipo mtengo wake umayandikana ndi wa mafuta abwino a m'zitsime.

Pamene ntchito inkayamba, mgodi uliwonse unkamangidwa pamodzi ndi fakitale yake yopepukitsira. Pambuyo pake makampani anapeza njira yotsika mtengo: kusungunula phula ndi mafuta opyapyala, pafupifupi magawo 30 pa 100, kuti lingotha kuyenda mumpope, nkulitumiza lili choncho kumafakitale a ku United States, amene ambiri mwa iwo anamangidwa kale kuti aziyenga mafuta olemera a ku Venezuela ndi Mexico. Masiku ano phula loposa theka limachoka ku Alberta motero. Bambo Lougheed, atapuma pa ndale, anadandaula nazo poyera kufikira imfa yawo mu 2012. Mfundo yawo inali yakuti anthu a ku Alberta ndiwo eni chuma, ndipo aziganiza ngati eni. Kuti migodi isatsegulidwe yambiri nthawi imodzi. Ndiponso kuti wotumiza phula losayenga akutumiza pamodzi nalo ntchito za ana ake.

Eni makampani ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda nzeru. Fakitale yopepukitsira imadya mabiliyoni a madola, ndipo imabweza ndalama pokhapokha ngati mtengo wa mafuta opepuka uli pamwamba ndithu kuposa wa olemera. Pamene United States anayamba kutulutsa mafuta opepuka ambiri m'miyala ya ku Texas ndi North Dakota, phindu lake linakayikitsa, ndipo mu 2013 Suncor inasiya fakitale yake ya Voyageur ili pakati pomangidwa. Boma la Alberta linayesa kulowererapo pothandiza fakitale ya Sturgeon, koma mtengo womangira unakwera kuchoka pa madola 5.7 biliyoni a ku Canada kufika pafupifupi 10 biliyoni. Inayamba kuyenga phula mu 2020, mochedwa ndithu, ndipo mu 2021 Boma linachita kutenga theka la umwini wake. Apa pali chenjezo lakuti kuyenga kwanu nkwabwino, koma osati pa mtengo uliwonse.

Komabe chimene chinachitika mu 2018 chinaonetsa kuti nkhawa ya Bambo Lougheed inali ndi maziko. Nthawi imeneyo mafuta oposa magawo 90 pa 100 amene Canada ankagulitsa kunja ankapita kwa wogula mmodzi, ndiye United States, ndipo mipope inali itadzaza. Kumapeto kwa chakacho mgolo wa mafuta olemera a ku Alberta unkagulidwa motsika ndi madola oposa 40 poyerekeza ndi mafuta opepuka a ku America. Nduna Yaikulu Rachel Notley analamula kuti kuyambira Januwale 2019 makampani achepetse kutulutsa ndi migolo 325,000 patsiku kuti mtengo udzuke. M'chaka chomwecho cha 2018 Boma la Canada linagula mpope wa Trans Mountain pa madola 4.5 biliyoni kuti liukulitse mpaka kugombe la nyanja ya Pacific. Ntchitoyo inatha mu Meyi 2024 itadya pafupifupi madola 34 biliyoni, ndipo tsopano sitima zimanyamula mafutawo kupita nawo ku Asia. Mlimi amene ali ndi wogula mmodzi yekha, katundu wake nkukhala wosakonza, sakhala ndi mawu pa sikelo. Dziko lolemera ngati Canada linaphunzira zimenezi pa mtengo wowawa.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Madzi amene atsuka mchenga satha kubwezedwa mumtsinje. Amatuluka ali ndi dongo losalala, phula lotsalira, mchere ndi asidi woopsa kwa nsomba, ndipo amasungidwa m'maiwe akuluakulu ochita kutchinga. Mchenga umamira msanga, ndipo madzi apamwamba amabwerera kufakitale kukagwiranso ntchito. Koma dongo limakhala ngati phala, osakhazikika kwa zaka makumimakumi. Matope otere apitirira malita 1 thiliyoni. Mu Epulo 2008 abakha a m'tchire oposa 1,600 anatera pa dziwe lina la Syncrude nafa, ndipo mu 2010 bwalo la milandu linalipiritsa kampaniyo madola 3 miliyoni. M'chaka chomwecho cha 2008 Boma linapereka chiphaso choyamba chotsimikiza kuti malo okumbidwa abwezeredwa mwakale. Malowo, otchedwa Gateway Hill, anali mahekitala 104 okha, patatha zaka 41 chiyambire kukumba.

Mtsinje wa Athabasca umayenda cha kumpoto, ndipo kumunsi kwake kuli mudzi wa Fort Chipewyan, kwawo kwa a Mikisew Cree ndi a Athabasca Chipewyan. Makolo awo anasaina pangano la mu 1899, lotchedwa Treaty 8, limene linawalonjeza ufulu wosaka nyama ndi kupha nsomba monga kale. Mu Meyi 2022 kunadziwika kuti madzi oipa akudontha pa mgodi wa Kearl wa kampani ya Imperial Oil, koma anthu a kumunsiwo sanauzidwe bwino za kukula kwa vutolo kufikira Febuluwale 2023, pamene malita ena 5.3 miliyoni anasefukira. Kwa miyezi 9 mabanja ankasaka ndi kudya za m'tchire la kufupi osadziwa. Kulakwa kotere sikuli kwa kampani yokha. Kulinso kwa bungwe la Boma loyang'anira migodi, limene linadziwa koma osachenjeza anthu. Boma limene lili ndi magawo m'phindu liyenera kukhala ndi maso akuthwa koposa, chifukwa anthu akayamba kuganiza kuti mlonda wagwirizana ndi amene akumulondera, chikhulupiriro chimatha, ndipo sichibwerera msanga.

Nzoona kuti eni dzikowo sanangoluza. Ambiri alembedwa ntchito, ndipo mu 2017 a Fort McKay ndi a Mikisew Cree anagula magawo 49 pa 100 a matanki osungira phula a Suncor pa madola 503 miliyoni. Njira imeneyo ndi yabwino, ndipo ikanayenera kuyamba kale. Koma funso lalikulu likadali lopanda yankho lokwanira: adzalipira ndani tsiku limene migodi idzatsekedwe? Mu 2015 mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha Boma la Alberta anachenjeza kuti chikole chimene makampani anasungitsa nchochepa kwambiri poyerekeza ndi ndalama zimene zidzafunike pokonza malowo. Ngati chikolecho sichikwezedwa pamene migodi ikadali kupindula, ngongoleyo idzagwera ana amene sanadyeko phindu lake.

NKHOKWE IMENE INASIYIDWA

Mafuta sali ngati chimanga choti chidzalidwenso chaka chamawa. Mgolo umene wagulitsidwa wapita. Pozindikira ichi, Boma la Bambo Lougheed linakhazikitsa mu 1976 thumba lotchedwa Alberta Heritage Savings Trust Fund, ndipo linalamula kuti magawo 30 pa 100 a ndalama zochokera ku chuma chosabwerera aziikidwa mmenemo. Mitengo ya mafuta itagwa, gawolo linachepetsedwa kufika 15 mu 1983, ndipo mu 1987 kuikamo kunalekeka. Kuyambira pamenepo ndalama za mafuta zinkalowa m'zofunika za chaka ndi chaka, misonkho ya anthu nkukhala yotsika. Dziko la Norway, limene linakhazikitsa thumba lotere mu 1990 nkuyamba kuikamo ndalama mu 1996, linapitirira madola 1 thiliyoni a ku America mu 2017, pamene thumba la Alberta linali lisanafike madola 20 biliyoni a ku Canada. Nzoona kuti Norway ndi dziko loima palokha pamene Alberta ndi chigawo chimene anthu ake amakhomanso msonkho ku Boma lalikulu, koma kusiyanako nkwakukulu kopitirira chifukwa chimenecho.

Kuipa kwa nkhokwe yopanda kanthu kunaoneka pamene mitengo inagwa mu 2014. Anthu zikwizikwi anachotsedwa ntchito, ndipo Boma linalowa m'ngongole. Pamwamba pa zimenezo, mu Meyi 2016 moto wa m'nkhalango unalowa mu Fort McMurray, tauni imene mu 1961 inalibe ngakhale anthu 2,000; anthu pafupifupi 88,000 anathawa, ndipo nyumba pafupifupi 2,400 zinapsa. Mu 2025 Boma la Nduna Yaikulu Danielle Smith linalengeza cholinga chokulitsa thumbalo kufika madola 250 biliyoni pofika chaka cha 2050. Cholingacho nchabwino, chimene chidzachiyese ndi chaka choyamba cha mitengo yoipa, pamene aphungu adzafune kutapa m'nkhokwe.

CHIMENE ENA ANGATOLEPO

Phula lotere silili ku Canada kokha. Lilinso m'chigwa cha Orinoco ku Venezuela, m'dera la Ondo ku Nigeria, ndi pa Bemolanga ku Madagascar. Atsogoleri a maiko amenewa, ndi a maiko ena onse amene ali ndi chuma chovuta kuchitola, ali ndi mwayi woona njira yonse imene Alberta wayenda, poyambira mpaka pamene wafika.

Choyamba chimene angaone nchakuti nzeru zinatsogola, ndalama za amalonda zikubwera pambuyo. Njira ya madzi otentha ndi njira ya nthunzi zonse zinakhwimira m'mabungwe a Boma, m'manja mwa akatswiri olipidwa ndi Boma, ndipo chifukwa cha ichi Boma linkakambirana ndi makampani likudziwa chimene likugulitsa. Chachiwiri nchakuti nkhani ya kuyenga, ya njira zotulutsira katundu ndi ya kuchuluka kwa ogula iyenera kumangidwa m'pangano loyamba, pakuti mipope ikayalidwa kuloza kufakitale za eni ake, kuitembenuza kumadya mabiliyoni. Chachitatu nchakuti gawo losunga liikidwe m'lamulo lovuta kusintha. Chachinayi nchakuti chikole chokonzera malo chilandiridwe mgodi ukadali wonenepa, ndipo anthu a kumunsi kwa mtsinje auzidwe zoona pa tsiku lomwelo limene vuto ladziwika.

Palibe chifukwa chonyozera ntchito imene yachitika ku Athabasca. Anthu anatenga mchenga umene unkangomatira mabwato naupanga chuma chimene chamanga sukulu, zipatala ndi misewu m'dziko lonse la Canada, ndipo anachita zimenezo m'chisanu choopsa, atagwa kambirimbiri. Koma mlimi saweruzidwa pa tsiku lobzala. Dr. Clark ndi anzake anamaliza gawo lawo. Maboma a Manning ndi Lougheed anamaliza lawo. Gawo limene latsalira atsogoleri a lero ndilo maiwe a matope, thumba la ana, ndi pangano la mu 1899 limene anthu a ku Fort Chipewyan akadaligwiritsa. Mbiri ya phula la ku Athabasca idzalembedwa yonse pamene mgodi wotsiriza udzatsekedwe, ndipo idzaweruzidwa ndi madzi amene adzakhale akuyenda mumtsinjewo tsiku limenelo.